Tsiku limene ndinasesa masamu

Sendererani kuno, nkhani iyi sindiikamba mokweza. Mpaka lero ku Malemia kuli anthu amene akandiona ndi tsache amayamba kutsokomola.

Tinali titangolandira kumene ufulu, mwana wanga Esinati ali m'kalasi yachiwiri. Tsiku lina ndikuchokera ku mpunga ndinampeza atajambula mzere wautali pakhomo penipeni, ataudula timizere. Anaima kumapeto n'kuyamba kudumpha chafutambuyo ngati chule wosokonezeka: "Thwelofu! Naini! Sikisi! Firii! Palibe!"

Ife tinakula tikudziwa kuti mwana akayenda chafutambuyo akuitanira mayi ake manda. Nanga "palibe" ameneyu ndani? Si ine?

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Aphunzitsi atsopano, amayi. Ndi masamu."

Masamu! (Ine sukulu ndinkangoidutsa popita kuchigayo, koma ndinkadziwa kuti masamu salowera kumiyendo.) Ndinafufuta mzerewo, ndinawaza mchere pakhomo. M'mawa mwake mutu unandiwawa. Ndinati basi, zayamba.

Ndinathamangira kwa mnansi wanga Abiti Saidi.

"Amwali, nanunso mwaziona?" anatero akunong'ona. "Wanga Asiyatu dzulo wafika pa palibe katatu. Mphunzitsi ameneyu kwawo mukukudziwa?"

Sitinkakudziwa. Umenewo unali umboni wokwanira.

Tinapita kusukulu n'kubisala kuseri kwa mtengo wa mango, ine tsache lili m'manja. Abale! Kalasi yonse ili panja, mizere mbwee, ana onse chafutambuyo, mphunzitsi uja akuwomba m'manja. Amayi a mudzi wonse kutha tsiku limodzi!

Ndinatulukira ndi liwiro n'kuyamba kusesa. Fumbi koboo. "Muyambe mwapha amayi anu, bambo inu, osati ife!"

Aphunzitsi sanakwiye, ndipo chimenecho chinandiwonjezera kukayika. Anatola mango akugwa khumi ndi awiri n'kuwaika pamapazi anga.

"Mayi, mwana aliyense mumpatse atatu. Akwana ana angati?"

Pogawa zakudya ndiye sandiphunzitsa munthu. Ndinachotsa atatu: "Atsala naini." Atatu ena: "Sikisi." Enanso: "Firii." Otsiriza aja nditapereka, pakamwa panga panatuluka pokha: "Palibe."

Ana onse anakuwa: "Folo!" Ana anayi, kudumpha kanayi.

"Mwaona, mayi? Inu mumabwerera ndi manja, iwo ndi miyendo."

Ndinacheuka kuti Abiti Saidi andithandize. Anali atafika kale kumtsinje. Esinati anabisa nkhope m'diresi, ndipo masiku atatu sanandiyankhule. Tsache ndinaliiwala pomwepo, linasesa kalasi imeneyo mpaka linatha.

Aphunzitsi aja anakwatira mwana wa achimwene anga, ndipo pa ukwati anandipempha kuti ndigawe nyama. Abiti Saidi anamwalira akukanabe kuti kusukuluko sanapite nawo. Esinati ndi mphunzitsi ku Zomba, akudumphitsa ana a eni. Ine ndilipo, sindinafe. Koma mdzukulu akati adumphe masamu ake, ndimamuuza akachitire kuseri kwa khola, atayang'ana kwa anansi.