Dziwe la Ubatizo Likudontha

Lolemba

Aleluya! A Phiri avomera kubatizidwa Lamulungu likubwerali. Zaka khumi ndi zinayi tili pabanja, ine kutchalitchi, iwo kubawo ndi kukachasu. Koma aika lamulo limodzi: kumtsinje sapita. Akuti, "Anzanga akhale pamlatho n'kumandionerera ndikuviikidwa ngati chinangwa? Ayi, mayi, zimenezo ndiye ayi."

Ndiye kwatsala dziwe la simenti la kuseri kwa tchalitchi chathu kuno ku Nathenje. Ndikupita kukaliona. Mayo ine! Mng'alu kuyambira pamasitepe mpaka pakona, chala changa chikulowa chonse. M'katimo muli masamba, silipasi imodzi ndi chule wouma.

Ndikuwauza abusa. Iwo akuti, "Mwaliona ndinu, amayi, ndiye kuti Ambuye akutuma inu." Basi, lero ndasanduka mmisiri.

Lachiwiri

Amayi a mpingo tikutunga ndowa makumi atatu kumjigo kuti tione ngati likusungabe madzi. Masana madzi akulekeza m'mawondo. Dzuwa likupendeka, mwatsala matope okha.

Nzeru zomwe anthu andipatsa osawapempha:
- kumata ndi sopo wochapira
- phula la pamsewu
- kusungunula pulasitiki, monga timachitira ndowa ikabooka
- kusala kudya

Ndasankha sopo, chifukwa kusala kudya uku ukusenza ndowa sizigwirizana.

Lachitatu

Sopo wapanga thovu lokongola, kenako wapita limodzi ndi madzi. Chule yekha ndiye wayera.

Ndikukwera kabaza mpaka ku Mitundu kukatenga simenti. Bambo wa m'sitolo akundipatsanso ufa wina wosakaniza ndi simentiyo kuti madzi asamadutse. Akuti mng'alu uyambe wakulitsidwa ndi tchizulo, utsukidwe, umatidwe, kenako muziwaza madzi pang'onopang'ono kwa masiku asanu ndi awiri musanadzaze.

Asanu ndi awiri! Ndikuwauza kuti Mulungu anamaliza dziko lonse m'masiku asanu ndi limodzi. Akundiyankha kuti, "Iyeyo sanagwiritse simenti, mayi."

Kunyumba ndikuwapeza a Phiri ali pakhonde, maso oyera bwino. Sanalaweko mowa chiyambire Lolemba. Ndikuchita mantha ndi chimwemwe changa chomwe.

Lachinayi

Atulukira a Banda, mkulu wa mpingo, amene amati anamangapo nyumba zosanja ku Joni. Palibe anazionapo nyumbazo. Abwera ndi hamala yaikulu yoswera miyala. Kumenya kamodzi, mng'alu umodzi wabereka ana awiri. Akuti, "Zili bwino, tsopano matenda aonekera."

Aonekeradi. Pansi pa simenti pali muzu wonenepa ngati mkono wanga, wochokera ku mango a mayi busa. N'chifukwa chake mtengo umenewu umabiriwira chilimwe chonse pamene ya anthu ili mbuu! Zaka zonsezi wakhala ukumwa madzi a ubatizo. Mtengo wopulumuka kuposa tonsefe.

Mayi busa aima pamenepo, manja m'chiuno. "Muzu umenewo musaukhudze. Mangowa amadya ndi ana a Sande sukulu." Mwana wa Sande sukulu amene analawapo mango amenewa ine sindikumudziwa.

Tikumata pamwamba pa muzu. A Banda akuti ku Joni amatero.

Lachisanu

Dzuwa lake! Pomwe tinamata dzulo pang'ambikang'ambika ngati zidendene zanga. Palibe anawaza madzi. Ine ndimati awaza a Banda, a Banda amati ndi ntchito ya amayi. Komanso mbuzi yadutsapo simenti ikadali yaiwisi, yasiya mapazi ndi mphatso zina.

Tikumatanso. Simenti yachepa, a Banda akuwonjezera mchenga, kenaka mchenga wina. Ufa wa ku Mitundu uja auiwala m'thumba la jekete.

A Phiri akuphunzira nyimbo ya ubatizo uku akukonza njinga. Mawu awo ndi oipa, nkhuku zachoka pabwalo. Ine ndikubisala kukhitchini, misozi ikungotsika. Sindinawamvepo akuimba nyimbo yopanda mowa m'kati.

Loweruka

Masiku asanu ndi awiri aja tawapanikiza akwana tsiku limodzi. Ndowa makumi asanu ndi limodzi! Khosi langa lalowa m'mapewa. Madzi akulowa oyera, akusanduka phala, simenti yathu ikuyandama.

Nzeru yomaliza: pepala lakuda la pulasitiki lomwe alamu anga amafunditsira fodya. Tikukapa madzi onse, tikuliyala, tikutsindira ndi njerwa, tikutunganso. Likusunga! Amayi akululutira.

Abusa akuti alowe ayese. Akulowa ndi nsapato za jombo. Phazi loyamba bwinobwino, lachiwiri tereree, chagada! Abusa abatizidwa kachiwiri, wowabatiza palibe. Potuluka, jombo yang'amba pepala. Tikumata ndi selotepi, ndipo aliyense akupewa kuyang'ana mnzake.

Ndasita malaya oyera a a Phiri kawiri.

Lamulungu

Ndikulawirira kudziwe ndisanasambe n'komwe. Madzi akulekeza m'kakolo. Selotepi ikuyandama. Mango ali biriwiri, masamba akuwala.

Abusa akulengeza kuti ubatizo ukachitikira kumtsinje. Obatizidwa ena asanu ndi mmodzi akunyamuka, kwaya patsogolo. Pamlatho, ndamva, anzawo a bawo akhala kale pamzere kuyambira m'mawa.

A Phiri afika pa nthawi yake, ameta ndevu, malaya oyera, thaulo paphewa. Akuvula nsapato, akutsika masitepe, akuima pakati pa dziwe. Madzi sakufika n'komwe pa buluku. Akuyang'ana kumapazi, akuyang'ana ine.

"Mayi, ine ndabwera. Mwaona nokha. Amene athawa ndi madziwa."

Ndikuwapempha tipite kumtsinje, ndiwatchinga ndi chitenje. Akupukusa mutu, mofatsa, osakwiya. Akupukuta mapazi ndi thaulo lija, akuvala nsapato. Akuti dziwe likadzakonzedwa tidzaona. A Banda akuti likufunika kuligumula lonse, mwina mvula ikatha.

Masana ano njinga palibe pakhonde. Kumene yapita ndikukudziwa.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikugwada kupempherera munthu, osaganizako zopempherera simenti. Malaya ndawapinda, ndawaika pansi penipeni pa sutikesi.