Chigodola Pamudzi pa Apongozi

Lolemba

Chigodola chafika kutsidya kwa mtsinje wa Namitete. Nkhumba zikungogwa, makutu ali psuu. Zanga zikadali bwino: yaikazi ija ndinagula ndi thukuta la kumigodi ya Wenela, ndi ana ake. Zikanenepa ndikagulitsa kwa opha nyama ku Lilongwe, kenako ndipemphe chitengwa. Chikamwini chandikwana. Ndikufuna kutenga amake Rozina tikakhale kwathu ku Nsaru.

Masana kwabwera a Chimphepo, alangizi a ziweto, pa njinga. Akuti boma likufufuza ngati nkhumba zotsekeredwa m'khola zingapulumuke pamene zoyendayenda zikufa, ndipo khola langa ndilo asankha. Azitenga magazi. Andisiyira mankhwala onunkha othira m'beseni pakhomo pa khola. Malamulo awo: azilowa ndine ndekha, mapazi ndiziviika, nyama ya nkhumba isayandikire. Loweruka abwera ndi dokotala wachizungu.

Ndavomera msanga. Ndaiwala kuti mudzi uno si wanga.

Lachiwiri

Mpanda ndamanga, beseni ndaika. Ndikubwera ndi gaga, ndikuona msana wa munthu m'khola. Apongozi anga aakazi. Akukanda yaikazi ija pamimba, akuitchula "mwanawe".

Kodi mkamwini angatani? Kuyang'anana nawo sikuloledwa, kulankhula nawo ndiye ayi. Ndabisala kuseri kwa nkhokwe ndi gaga wanga mpaka atuluka. Beseni alilumpha ngati chithaphwi.

Ndatuma amake Rozina: auzeni asalowenso. Uthenga wafika wotere: "Akamwini anu akuti musamavutike." Yankho labwera: "Sindivutika ayi."

Lachitatu

Beseni lasowa. Ndalipeza kwa alamu anga a Lufeyo, akusambitsiramo galu wa utitiri. "Mankhwala amphamvu awa, alamu, mupemphe ena."

Olowa m'khola lero: apongozi, mnzawo wa apongozi wodzaona mpanda, nkhuku, galu uja. Ine ndekha ndiye ndaviika mapazi, ndipo ayamba kusupuka.

Amuna onse ali pansi pa mkuyu kukangana za ndale za Chitaganya. Ine ndakhala pakhomo pa khola ndi chibonga chomwe sindingamenye nacho aliyense.

Lachinayi

Nyama yadzaza mudzi. Akutsidya akupha zodwala zisanafe zokha, akuyenda nayo m'madengu khomo ndi khomo. Nyumba iliyonse ikununkhira.

Apongozi agula mwendo wonse. Atitumizira mbale. Kubweza mbale ya apongozi ndi mlandu, kudya ndi kuphwanya lamulo la a Chimphepo. Ndati m'mimba mwandipotokola. Anditumizira mizu yowawa, ndamwa amake Rozina akundiyang'anira.

Madzulo ndikuona apongozi akupita kukhola ndi mphika wa madzi otsukira nyama ija, osakaniza ndi gaga. Ndatsokomola. Ndatsokomolanso mwamphamvu. Ndagwetsa khasu dala. Iwo atembenukira kumbali mwaulemu, monga mwa mwambo, kuti ndidutse. Kenako athira.

Nkhumba zamwa mpaka kunyambita mbiya yodyeramo.

Lachisanu

Tambala asanatsike ndili kale kukhola. Zonse zadzuka kupatula kamwana kamodzi kamawanga. Ndakaimika, kakhalanso. Ndikudziuza kuti kakhuta.

Masana yaikazi yasiya gaga. Yagona pakona, ikupuma ngati mvukuto. Ndakhudza khutu, likutentha.

Amake Rozina andipeza pamenepo. Ndawafunsa chifukwa chake sananene mawu anga momwe ndinawanenera. Akuti, "Inu mukanatha kuwauza amayi anu kuti mapazi awo ndi odetsedwa?" Takhala tonse pa chipika, kuyang'ana mimba ya nkhumba ikukwera ndi kutsika. Patapita nthawi anena motsitsa mawu kuti nsalu zawo anali atamanga kale za ulendo wa ku Nsaru. Sindimadziwa.

Loweruka

Galimoto yaima pa msewu, mudzi wonse wathamangira kukhola kwanga. A Chimphepo ndi dokotala uja aviika nsapato zawo m'beseni mosamala, anthu akuseka.

Kamawanga kafa. Ena awiri akugwedezeka miyendo. Dokotala wakang'amba kakufako, wayang'ana kapamba, wakuda ndi wotupa, wapukusa mutu. Wafunsa kudzera mwa a Chimphepo: walowa muno ndani?

Apongozi ali pomwepo, kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wawo. Ndati, "Ine ndekha, bwana."

"Akunama mwaulemu akamwiniwa," atero apongozi mokweza, kuuza a Chimphepo. "Ndimazidyetsa ndine. Pakanapanda msuzi wanga bwenzi zitafa kalekale."

A Chimphepo amasulira mawuwo. Dokotala wavula magalasi, wawapukuta nthawi yaitali. Chigamulo: zonse ziphedwe, zikwiriridwe m'dzenje lakuya, khola litenthedwe. Kafukufuku akachitira kwina.

A Lufeyo afunsa ngati m'dzenjemo muyenera kulowanso miyendo yakumbuyo.

Lamulungu

Dzenje ndakumba ndekha, ndakwirira ndekha. Yaikazi ija sindinathe kuyang'ana, anaipha ndi a Lufeyo. Sindinapite ku Misa, ndakhala pa mtumbira kuopa agalu, ndi alamu.

Apongozi alira kuposa ine, maso atupa. Anatseka chitseko m'mawa wonse. Chakumasana atuma amake Rozina ndi uthenga, ndipo uno wafika wathunthu, wopanda kuchotsera. Akuti andimvera chisoni kwambiri. Akuti mkamwini wolimbikira chonchi sangamulole kupita kwawo chimanjamanja, anthu a ku Nsaru angawaseke. Choncho andipatsa tchire lonse la kumunsi kwa dambo kuti ndiswe mphanje, ndilimemo fodya ndi mtedza mpaka ndidzapezenso bwino. Tchire limenelo lili ndi zitsa zosatha kuzula ngakhale zaka zitatu.

Ndatumiza mawu othokoza.

Amake Rozina amasula nsalu zija, azibwezera m'bokosi. Ine ndikunola nkhwangwa.