Sabata Yomwe Ndinasiya Kuthira Mchere

Lolemba

Msambo sunabwerebe. Wanga ulibe ulemu: mwezi wina umabwera kawiri, mwezi wina umangodutsa ngati minibasi yodzadza. Ndiye kuchedwa pakokha si nkhani. Nkhani ndi apongozi.

Amayi awo a Zuze, amuna anga, anabwera kuno ku Chirimba kuchokera ku Nsanje kudzachotsetsa ng'ala m'diso. Anati akhala masabata awiri. Uno ndi mwezi wachitatu. Disolo silinachire kwenikweni, koma zosawakhudza amaziona ali patali.

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti angadwalitse anthu tsempho. Ine za tsempho sindikhulupirira, koma poti apongozi ali pano ndimatsatira. Masiku anga akafika ndimawapatsa kabakuli ka mchere, iwo n'kuthira. Ndiye kuti chinsinsi changa chimakhala pashelefu, pambali pa mafuta ophikira. Papita nthawi ndikuthira ndekha, ndipo dzulo andiletsa kunyamula ndowa ya madzi.

Chaka chatha zinayambanso chonchi. Ndinachedwa, a Zuze anaimba foni kumudzi, azakhali awo anatumiza nkhuku. Msambo unafika tsiku limodzi ndi nkhukuyo. Tinaidya osayang'anana. Zaka zinayi m'banja opanda mwana, nkhuku imeneyo ikanali pakhosi pangapa.

Ulendo uno woyamba kudziwa ndikhala ine. Pulani:

1. Kuwapatsa apongozi mchere, aziyesa ndasamba.
2. Kugula koyezera mimba kutali, kosandidziwa.
3. Kuyeza ndekha.
4. Lamulungu kuwauza a Zuze, ngati pali chowauza.

Nambala wani yatheka madzulo ano. Alandira kabakuli, athira ndi dzanja la munthu wosaona bwino. Usipa ukuwawa ngati mankhwala.

Lachiwiri

Nthawi ya nkhomaliro ndathawa kuntchito ku Ginnery Corner, ndakwera ya ku Limbe. Kumeneko ndani angandidziwe?

Famase yaing'ono, yobisika kuseri kwa mashopu a nsalu. Ndifika pakauntala, wogulitsa adzutsa mutu. Mayi Tchale, amene timaimba limodzi kukwaya. Ati, "Achemwali, tikuthandizeni chani?"

Ndagula:
mankhwala a njoka zam'mimba,
thonje,
sopo wa zipere.

Zipere ndilibe. Mayi Tchale ati andipempherera.

Madzulo a Zuze abwera ndi tchipisi cha pachiwaya m'kajumbo. Anaona dzulo amene wathira mchere. Andipatsira kuchipinda, ati, "Osadandaula, mwezi wamawa uliponso." Munthuyu ndi wabwino, ndipo ndikumunamiza. Ndadya ndi manyazi, koma ndamaliza chonse.

Lachitatu

Ku Chichiri zatheka. Wogulitsa wake maso ali pafoni, sanandione n'komwe. Mulungu amudalitse. Ndagula toyezera tiwiri.

Ndayezera m'chimbudzi cha kuntchito. Timizere tiwiri ndiye mimba, kamodzi ndiye ayi. Kwa ine kwatuluka kamodzi ndi mzukwa wa kachiwiri. Ukapendeketsa chakuwindo kalipo. Ukayatsa getsi kulibe. Ndajambula pafoni, ndakulitsa chithunzi mpaka chasanduka chifunga.

Kapepala ka malangizo kakuti mkodzo wake ukhale woyamba wam'mawa. Ndawerenga nditayeza kale, nditamwanso tiyi makapu atatu.

Kunyumba mpiru wotendera. Apongozi athira mchere, aiwala, athiranso. A Zuze amwa madzi jagi yonse osadandaula, poti amayi awo sadzudzulidwa.

Lachinayi

Ndadzuka tambala asanaganize zolira. Apongozi ndawapeza akusesa kale, ndipo malo amene awaona kuti ndi akuda kwambiri ndi pakhomo pa bafa. Koyezera ndadutsa nako m'kamisolo. Andipatsa moni kawiri.

Kamzere kachiwiri kalipo! Kofooka, koma lero sikakufuna windo. Ndakhala pa ndowa yovundikira n'kumaseka ndekha mosatulutsa mawu. M'minibasi ndasankha mayina anayi. Kondakitala sanandibwezere chenji, ndamukhululukira.

Masana ndipita kuchimbudzi, ndipeza timagazi. Tochepa, toderako, osati ngati ta masiku onse. M'mimba mukukoka pang'ono. Ndakhala m'menemo mpaka wina wagogoda.

Ndinanama kuti ndasamba, thupi lamva. Ndikudziwa kuti thupi silimva mabodza, ndinapita kusukulu ine. Komabe ndikuopa, ndipo ndilibe womuuza, poti onse akudziwa kale kuti ndili kumwezi.

Lachisanu

Kuntchito ndanamizira kuti ndikukaonetsa dzino. Ndapita kukachipatala kolipira ku Limbe, ndazungulira njira yaitali kuopa famase ya Mayi Tchale.

Anesi ake ndi achikulire, olankhula mosathamanga. Ayezanso, kamzere komweko. Kenako funso: "Munasamba komaliza liti?"

Ndati mwina kumayambiriro kwa mwezi watha. Kapena kumapeto kwa winawo. Ati ndiyang'ane pafoni. Pafoni ndinasiya kulemba chaka chatha, sabata ya nkhuku. Afunsa komwe ndimagwira ntchito. Ndati kukampani yosindikiza makalendala. Andiyang'ana nthawi yaitali.

Zomwe anena:
mwina ndi mimba yaing'ono, timagazi totere timachitika;
mwina ndi mimba imene sikugwira;
mwina yakhala malo olakwika, zimenezo sizichitikachitika koma saziseweretsa;
sikani ya lero sinaonetse kanthu, ndipo popanda tsiku sangadziwe ngati n'chifukwa choti kwafulumira kapena mulibedi kanthu.

Ndipitenso Lachinayi nditalidziwa tsiku limene ndinasamba komaliza. Magazi akachuluka, kapena kupweteka mbali imodzi, kapena chizungulire, ndisadikire Lachinayi, ndithamange.

Panjira ndaganiza. Munthu amene akudziwa tsiku limenelo alipo mmodzi m'Blantyre muno, ndipo ali kwathu akuwononga nyemba.

Loweruka

A Zuze apita kumpira. Ine ndi apongozi tikusadzula nkhwani pakhonde. Ndayamba ndi za diso, ndadutsa za mitengo ya tomato, kenako ndafunsa ngati zongocheza: kodi amayi, paja ndi liti munathira mchere komaliza?

Sanasiye kusadzula. Ati, "Mukufunsa za kwenikweni, kapena za sabata inozi?"

Nkhwani wandigwa m'manja.

Tsiku alitchula osaganiza n'komwe. Lachitatu limene anakachotsa bandeji ya diso, ndipo anathira masiku anayi, tsiku lotsatira ndinathira ndekha m'nyemba. Likubwerali akwana masabata asanu ndi limodzi. Kakhadi ka kuchipatala ali nako m'chikwama, deti ilipo ndi chidindo chomwe.

Ndafunsa kuti anadziwa bwanji. Ati, "Mwananga, masiku ena onse mumandipatsa kabakuli mukuyang'ana pansi. Lolemba munandiyang'ana m'maso ngati wogulitsa foni yakuba."

Nanga mchere wochulukawu? Ati amafuna aone kuti ndipirira mpaka liti.

Ndawauza zonse, za timizere, za timagazi, za anesi. Ndalira, mamina ndi mamina. Iwo sanalire. Andilanda nsengwa, ati ndikagone, ndipo ndowa ndisaiyandikire.

Lamulungu

Pulani yafika apa:

1. Mchere: anandigwira tsiku loyamba.
2. Kugula mobisa: Mayi Tchale andifunsa pamaso pa kwaya yonse ngati zipere zikusintha.
3. Kuyeza ndekha: Lachinayi tikupita atatu. Apongozi ati sabwerera ku Nsanje mpaka amve okha.
4. Kuwauza a Zuze: ndawauza tisanapite kutchalitchi. Akhala pabedi, nsapato imodzi m'manja. Ati, "Ndiye tisangalale kapena ayi?" Ndati anesinso sakudziwa. Afunsanso ngati ndikumva kupweteka, koma za tchipisi chija sanatchule.

Timagazi lero tachepa. Sindikudziwa ngati n'zabwino. Mayina anayi aja ndayesa kuwaiwala, akukana.

Ndinkafuna ndiyambe kudziwa ine. Tsopano tilipo atatu, ndipo tonse sitikudziwa.

Titaweruka kutchalitchi apongozi andiitanira kuchipinda kwawo. Amasula nsonga ya chitenje, atulutsa kafoni kawo ka mabatani, andiikira m'manja. Ati, "Sungani mpaka Lachinayi. Azakhali anu akaimba, ine pakamwa panga ndimapadziwa. Nkhuku ija anaitanitsa ndine."

Foniyo ili pansi pa pilo wanga. Kuyambira masana yalira kanayi, ndipo nthawi zonse apongozi akumatuluka panja kukasesa.