Doña Femia ndi Khoma la Mayi Awo

Alendo ofika pahotela ija ya pakati pa tauni ya Santa Fe amatsika ndi masutikesi a mateyala, zipewa zazikulu ndi makamera. Doña Femia Maestas (Doña ndi dzina laulemu la mayi wamkulu kuno), Mulungu awalandire, ankatsika ndi zidebe zinayi za dothi, mtolo wa mapesi a tirigu ndi chikopa cha nkhosa. Chaka chilichonse, sabata yoyamba ya Juni, mwana wawo wamkazi ankawatula pakhomo la hotelayo n'kuliyatsa liwiro kubwerera ku Albuquerque osazimitsa n'komwe injini, chifukwa ankadziwa zimene zikubwera. Amati mlendo ndi mame, koma uyu anali matalala.

Eloy Quintana, amene wakhala akukonza mapaipi, mababu ndi zitseko pahotelapo zaka makumi awiri ndi zitatu, akangoona zidebezo ankavula kapusi n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

Musaganize kuti mayiwo mutu unali wosokonekera, ayi. Pamene pali hotelapo panali nyumba ya makolo awo, ya zidina, mmene anabadwira. Anthu a zithunzi ndi ziboliboli atadzaza tauni ino, msonkho wa malo unakwera mpaka alongo awo anagonja n'kugulitsa. Anagula ndi kampani ya mahotela, ya zija zimamanga hotela yofanana mumzinda uliwonse ngati mazira a nkhuku imodzi. Inagwetsa zonse. Linatsala khoma limodzi lokha, la kukhitchini, chifukwa lamulo losunga zinthu zakale linawamanga manja. Linaima lokha m'bwalo la m'kati, pafupi ndi dziwe losambiramo alendo. Khoma la zidina likapanda kumatidwa chaka ndi chaka limasungunuka ndi mvula, ndipo kuno kumata ndi ntchito ya akazi kuyambira kalekale. Agogo awo ankamata, mayi awo ankamata, ndiye Doña Femia analumbira kuti khomalo siligwa iwo akadapuma.

Nkhondo inkayambira polandirira alendo. Kampani imaphunzitsa atsikana a pamenepo mawu amodzimodzi, ndipo chaka chilichonse pankakhala watsopano wosadziwa kanthu.

"Takulandirani, mayi! Kodi n'koyamba kufika mumzinda wathu wokongolawu?"

"Wathu? Wathu ndi ndani? Iwe mtsikana, pamene waimapo ndi pamene bambo anga ankaphera nkhumba. Mchombo wanga anaukwirira pansi pa makina anu a ayeziwo."

"Pepani, mayi. Ndiye ndikupatseni mapu a tauni?"

"Mapu! Eloy! Uli kuti Eloy? Bwera udzamve, akundipatsa mapu!"

Akalandira kiyi sankapita kuchipinda msanga. Ankayamba azungulira kaye akugogoda makoma ndi ndodo yawo, alendo akuonerera. "Tamva, Eloy. Phwa, phwa! Katoni wopaka utoto wa matope. Mitanda yatulukira pamwambayo ndi ya pulasitiki, singanyamule ngakhale kangaude. Anagwetsa nyumba yeniyeni kuti amange yonamizira nyumba imene anagwetsayo. Nzeru zimenezo!" M'mawa pa chakudya ankayang'ana mazira achikasu aja ochokera m'paketi, n'kutulutsa m'chikwama botolo la tsabola wofiira wopera okha, n'kumathira m'mbale za anthu osawadziwa popanda kupempha. Bambo wina wa ku Minnesota analira misozi theka la ola, kenako anapita kukapempha wina.

Koma chimene chinkamudwalitsa mutu Eloy ndi bafa. Mabwana anawaletsa kukanda matope pafupi ndi dziwe, ndiye iwo ankakandira m'bafa la chipinda 112, ndi mapazi, atakwinya diresi mpaka m'mawondo. Paipi inkatseka, madzi a matope n'kumatumphukira m'mabafa a zipinda zoyandikana. Mayi wina anathamangira pakhonde atadzikulunga thaulo, akukuwa kuti pansi pa hotela paphulika.

"Doña Femia, ndagwira mwendo wanu," anatero Eloy atagwada pansi pa sinki, matope mpaka m'zigongono. "Ndakuikirani wilibala kuseri, ndi paipi ya madzi yomwe."

"Kuseri kumene mumatayira zinyalala? Matope a khoma la mayi anga ndikakandire pa zinyalala?"

"Nanga mapaipi anga?"

"Ako? Anakupatsa ndani? Uli ndi chiyani pano iwe? Malaya wavalawo alembedwa dzina la eni ake. Agogo ako ankaumba zidina zoposa za aliyense ku Agua Fria konse, iwe ukuzula tsitsi la alendo m'mapaipi. Sukuchita manyazi?"

Eloy anatuluka atamenyetsa chitseko, mtima ukuwira. Chinamupweteka n'chakuti zinali zoona. Nayenso anabadwira m'tauni momwemu, koma ankachokera ku Española m'mawa uliwonse, poti lendi ya kwawo komwe sakanaikwanitsa. Tsiku limenelo analumbira kuti sadzawalankhulanso. M'mawa mwake ndi iye yemwe anawanyamulira zidebe.

Ndiye panali anthu a zaluso, aa, anthu amenewo! Chaka china mayi wina wogulitsa zithunzi mumsewu wa Canyon Road, wa zibangili za miyala yobiriwira mpaka m'zigongono, anawaona akumata n'kuganiza kuti hotela yakonza chionetsero. Anakaitana anzake khumi. Anakoka mipando ya padziwe, matambula a vinyo m'manja, n'kukhala chete ngati ali m'tchalitchi. Doña Femia ankangoponya matope pakhoma, kukankha ndi chikhatho, kusalaza ndi chikopa cha nkhosa chonyowa, osatembenuka.

"Mayi," anatero wa zibangiliyo motsitsa mawu, "ntchito yanuyi ikufuna kutiuza chiyani?"

"Ikuti mvula ikubwera. Suntha mwendo."

"Eee, kuzama kwake!" Anthu onse m'manja phuphuphu.

Bambo wina wa kansalu m'khosi, kunja kukutentha choncho, anafunsa ngati angagule kachidutswa ka khomalo kuti akapachike kwawo. Doña Femia anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, n'kumupatsa chidebe. "Katunge madzi." Anatunga masana onse, poganiza kuti wasankhidwa kukhala nawo m'chionetsero, ndipo pomaliza anathokoza kwambiri, thalauza lake loyera litasanduka la mtundu wa chulu.

Atabalalika, mayiwo anakhala pansi n'kulavula. Sankaseka. "Waona, Eloy? Anatitulutsa m'nyumba zathu kuti apachikemo zithunzi za nyumba zathu."

Mabwana a hotelayo ankasinthidwa ngati malaya. Wina akayamba kudziwa kumene kuli magetsi, amutumiza ku Tulsa, kwabwera wina. Wa chaka cha simenti anali mnyamata wa tayi, dzina lake Dalton Whitacre. Kunabwera kalata yochokera kulikulu la kampani, kutali ku Texas, yoti khomalo limagwetsera fumbi m'dziwe, choncho limatidwe simenti n'kupakidwa utoto wofanana ndi makoma enawo. Anakonza zoti zichitike mu Malichi, mwini nkhondo ali kutali. Eloy anaiwerenga kalatayo kawiri. Ana ake awiri anali kukoleji ndipo ntchito ina analibe. Anapita kuchipinda cha mathanki, anayenda uku ndi uku akudzitukwana, kenako anatulutsa foni yake n'kuimba ku Albuquerque.

Anyamata a simenti atafika m'mawa ndi matumba awo, anapeza Doña Femia atakhala pampando wa padziwe, msana atatsamira khoma, atavala jasi la malemu amuna awo, ndodo ili pamiyendo.

"Mayi Maestas," anatero Whitacre akumwetulira, "mwatimva molakwa. Ife tikufuna kuliteteza."

"Kuliteteza! Khoma la dothi limapuma, mwana iwe. Ukaliveka simenti limachita thukuta m'kati. Kunja limaoneka bwinobwino, m'kati likusanduka phala, tsiku lina n'kungoti khu! Kwera kumidzi ya kumapiri ukafunse makoma angati anagwa chifukwa cha anzeru onga iwe."

"Koma akulikulu alamula kuti..."

"Akulikuluwo anagwirapo dothi? Anagwirapo chiyani kupatula foni?" Kenako anatembenukira kwa anyamata aja n'kuloza mmodzi ndi ndodo. "Iwe wa ndevu, si mwana wa Lucinda Trujillo iwe? Tchalitchi chimene anakubatizira ndinamata ndi manja awa, mayi ako akunditungira madzi. Tsegula thumba limodzi lokha, masana ano akhala atamva."

Mwana wa Lucinda, munthu wamkulu ngati chitseko cha galaja, anakanda kumutu. "Bwana, tangokumbukira kuti tili ndi ntchito ina ku Pojoaque." Anakweza matumba awo n'kumapita.

Whitacre nkhope inafiira. "Wawauza ndani mayiwa?"

"Ndine, bwana," anatero Eloy. "Mukandichotsa, Juni akafika paipi ya 112 mudzatsegula nokha."

Sanamuchotse. Patapita miyezi isanu Whitacre ndiye anachotsedwa, kumutumiza ku Omaha, ndipo nkhani ya simenti inazilala.

Chaka chomaliza Doña Femia anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri. Nyamakazi inali itawapinda zala. Anayesa kutapa matope, anawapulumuka. Anayesanso, anawapulumukanso. Anakhala pampando n'kuyang'ana manja awowo mokwiya, ngati awabera.

"Eloy, vula wotchi."

"Ine? Doña Femia, iyi ndi ntchito ya akazi."

"Akazi ake ali kuti? Mwana wanga amagulitsa inshuwalansi. Mdzukulu wanga zikhadabo zake ngati za kabawi. Watsala ndiwe, tsoka langa. Pinda malaya."

Eloy anamata masiku atatu, akutukwanidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. "Ukusisita mphaka kodi? Kankha ndi chikhatho! Yambira pamwamba, chitsiru iwe, madzi amayenda chokwera? Wachepetsa mapesi, ling'aluka limenelo! Mulungu wanga, ndinalakwa chiyani kuti ndisiye khoma la mayi anga m'manja mwa wokonza zimbudzi?" Tsiku lachitatu anamuuza kuti awakokere mpando pafupi. Pakona ya m'munsi, pamene dzanja lawo linkafika, anamata okha kamalo kakang'ono ngati mbale. Kanawatengera ola lathunthu. Sanathe kukasalaza, moti mizere ya zala zawo zopindikazo inatsala pamenepo. Mwana wawo atabwera kudzawatenga, Doña Femia anayang'ana khoma lonse kwa nthawi yaitali.

"Sizoipa kwenikweni," anatero.

Eloy anakadzitsekera kuchipinda cha mathanki, ndipo atatuluka ananena kuti fumbi linamulowa m'maso.

Doña Femia anamwalira mu Febuluwale. Eloy anapempha tsiku limodzi n'kupita kumaliro ku Albuquerque, atamuuza mwana wawo kuti asadandaule za khoma, Juni akafika alimata yekha.

Mu Epulo kunabwera lole ya magalasi. Akulikulu aja, atamva kuti alendo amakonda kujambula khomalo, anaganiza zolilemekeza. Analitsekera m'bokosi la galasi mbali zonse, pamwamba pomwe, n'kuikamo timagetsi towala kuchokera pansi. Kutsogolo anakhoma chitsulo chonyezimira cholembedwa kuti: Khoma lakale la zidina. Mmisiri wake sadziwika.

Sadziwika! Munthu amene anagona m'hotela yawoyo chaka ndi chaka kwa zaka makumi atatu, dzina lake lili m'makompyuta awo omwe, sadziwika! Ine ndikamanena izi mpaka lero mtima umandiwawa. Eloy analowa mu ofesi ya bwana watsopano osagogoda, n'kuponya patebulo pepala la mwambo wa maliro, la chithunzi chawo.

"Eufemia Maestas. Ndikulembereni chilembo chimodzichimodzi? Mayi awo anali Delfina. Ndipo galasi limenelo lilipha khomalo. Silikupuma."

"Ndamva, Eloy, ndipo zandikhudza kwambiri," anatero bwanayo. "Ndilembera akulikulu."

"Ndipatseni kiyi wa bokosilo."

"Kiyi ali kulikulu."

Juni anafika, anadutsa. Polandirira alendo pamangomveka kanyimbo kosalala kaja ka kampani, ndipo palibe amene amakuwa dzina la Eloy. Atsikana akale amati hotela yazizira. Eloy amangopitiriza kusintha mababu.

Ntchito yatsopano imene anamupatsa ndi yopukuta galasilo m'mawa uliwonse, chifukwa ana a alendo amasiyapo zala. Mvula ya Julayi itayamba, chinyezi chinakwera kuchokera pansi, dzuwa likatuluka galasi n'kumachita thukuta m'kati. Khoma linayamba kufufuma, kenako kusendeka pang'onopang'ono. Eloy analemba makalata atatu. Anamuyankha kamodzi, kumuthokoza chifukwa chokonda ntchito yake.

M'mawa wina mu Ogasiti anapeza kamalo ka pakona kaja katagwa chafufumimba, katasweka patatu. Pamene kanachoka pankaoneka chidina chonyowa, chakuda. Eloy anagwada. Ankadziwa chochita: dothi manja awiri, mapesi pang'ono, madzi, theka la ola basi. Manja anali nawo, nzeru anamusiyira, ndipo pakati pa iye ndi khomalo panali galasi lochindikala ngati chala chimodzi. Anayang'ana nyundo imene inali m'lamba wake. Anaganiza za ana ake awiri. Anatukwana mawu amene sindingawabwereze pano.

Kenako anaimirira, anapopera sopo, n'kupukuta galasi lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, mpaka linayera mbee, kuti aliyense wodutsa aone bwino zimene akulikulu aja achita.