Ababa Akufuna Phala la Anyezi

Lolemba
Ababa akananso chakudya. Sabata yachiwiri chitulukire m'chipatala, masupuni awiri basi, kenako nkhope kukhoma. Anesi a kuchipatalako anati akapitiriza chonchi akagonekedwanso. Ndikuopa, sindinama. Masana ano akundikodola: akufuna phala la tirigu lomwe ankaphikira Amwenye a ku Belvedere zaka zonse zimene anali khukhi. La anyezi, ati. La mchere ndi tsabola. Phala la anyezi, abale! Koma munthu wapempha chakudya ndi pakamwa pake. Ndiphika. Phala lingandivute ine?

Lachiwiri
Kombi, minibasi zakuno, mpaka kumsika wa Mbare. Ndagula tirigu, anyezi, jinja, chikasu, kaloti, tsabola. Kuchigayo ndamuuza bwinobwino mkulu wake: mungophwanya, musapere. Wavomera ndi mutu ngati wamva. Watulutsa ufa wosalala, wosakanikirana ndi mgaiwa wa amene anali patsogolo panga. Akundiyankha m'Chishona, "Ndiwo maitiro emuchina, amai." Ati makina ndi momwe amachitira. Ufawo tadya mandasi. Ababa sanawayang'ane n'komwe.

Lachitatu
Tirigu wina. Ndabwereka mtondo kwa Mai Moyo apafupi apa, anali atadzalamo maluwa. Kusinja pasimenti, dera lathu lonse la Highfield kumva. Tirigu akungodumpha mumtondo, nkhuku za eni phwando. Ababa kuchipinda, kamawu kotsikira pansi: "Ukazinge kaye!" Ndamva mochedwa, poto ali kale pamoto. Zatulukazo n'zoti munthu n'kumangira njerwa.

Lachinayi
Lero Ababa akumbukira njere za mpiru. Dzulo zinali kuti? Uziponye m'mafuta otentha, ati, zithetheke. Zathetheka zedi! Ina pamphuno panga, zina kudenga. Tsabola wapserera, nyumba yonse kuyetsemula, loja wathu, wochita lendi chipinda pano, wathawa kubafa ndi thaulo lokha. Ababa aseka mpaka kutsokomola, koyamba mwezi uno. Koma kudya ayi.

Lachisanu
Latheka! Lachikasu, lonunkhira, losamatana. Ndalisiya pasitovu kuti ndikaanike zovala. Amuna anga afika kuchokera kuntchito ku Willowvale, alawa, athiramo shuga ndi mkaka. Mupoto momwemo! "Ndimayesa waiwala. Phala lopanda shuga unaliona kuti?" Ambuye, ndigwireni mtima. Ndangotuluka panja, apo ayi ndikanalankhula zokalapa nazo kutchalitchi. Adya okha poto yense, akuyamikira.

Loweruka
Tirigu wotsiriza. Magetsi azima, ndakoleza mbaula panja, pansi pa windo la Ababa. Ndangoti ndithire madzi, ndikumva ndodo, gu, gu. Ababa ali pakhomo ndi zovala zogonera. "Madzi ozizira? Iwe mwana, ukufuna kundipha? Bweretsa mpando."
Akhala. Mpeni m'manja, anyezi akugwa woonda ngati pepala. Ine ndasanduka wopatsira zinthu: mchere, madzi owira, chivindikiro, choka apo ukunditchinga. Akulawa. Akulawanso. Ati akuyesa mchere. Ndawerenga masupuni khumi ndi anayi, ndapita kuseri kwa nyumba kukapukuta maso. Utsi wa mbaula, ndawauza choncho.

Lamulungu
Pobwera kutchalitchi ndapeza Ababa ali m'khitchini. Mipeni yonse yanoledwa, mapoto asanjidwa mwatsopano, sindikudziwanso pomwe pali mchere. Adya mbale yodzaza, amwa mankhwala popanda kuwanyengerera. Mai Moyo ndi loja ali pakhonde ndi mbale zawo, ati sanadziwe kuti tirigu amakoma chonchi. Langa lija Ababa sanalilawe ngakhale tsiku limodzi. Alamula kuti ndisakhudzenso tirigu m'nyumba muno, yanga ndi yotsuka mapoto. Ine wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ana atatu, ndachotsedwa ntchito m'khitchini mwanga momwe. Basi, ndavomera. Mawa akufuna mtedza ndi mandimu, ndipo ati ndilawirire, sakonda wantchito wochedwa.