Mipando Itatu Yopanda Eni

Lolemba

Ndafika pa Boma kwa Thoko, mdzukulu wanga, uja ndinamulera ndi kachewere amake atamwalira. Lero ndi injiniya wa khonsolo. Ndamupeza waonda ngati chingwe choyanikira zovala. Injiniya wanji wopanda masaya?

Ndamutsata ku ofesi. Mipando inayi, munthu mmodzi! Ndafunsa eni ake. Wina anapuma, wina anathawira ku kampani, wina anapita ku sukulu ndipo sukuluyo siikutha. Pabwalo gileda yopala misewu yaima mpaka nkhuku ikuikira mazira pansi pake. Woyendetsa palibe.

Pathebulo pali kalata. Kampani ya ku Blantyre ikumufuna, ayankhe pofika Lachisanu. Akuti, "Agogo, ndatopa. Pakanakhala mmodzi yekha wothandizana naye, sindikanapita." Mmodzi basi? Ine ndimupezera atatu. Kalatayo ndaibisa m'buku langa la nyimbo.

Lachiwiri

Ndabwerera kwathu ku Biriwiri kukafuna anthu. Sukulu ya kwacha sindinapitire pachabe, ndawalemba:

1. A Jere. Anamanga tchalitchi chathu, sichinagwe.
2. A Maseko. Anayendetsapo thirakita ku esiteti. Diso limodzi, koma labwino.
3. Nangozo. Kumanga sadziwa, koma amadziwa kukalipira amuna. Kapitawo.

Onse avomera. A Jere akufunsa ngati kuli yunifolomu.

Minibasi yanditsitsa pa kalavati wathu, kamlatho kaja kanagumuka ndi mvula. Loweruka lililonse timathiramo miyala kuti galimoto za kabichi zidutse. Kalata yathu yodandaula ili pansi penipeni pa mulu wa Thoko. Amati akayambira kwawo anthu anena.

Lachitatu

Tafika pa ofesi tonse anayi, a Jere m'jekete ya paukwati, levulo yawo yopimira makoma m'khwapa. Thoko atationa wagwira pakamwa.

Bwana woona za antchito, munthu waulemu ndithu, watikhazika pa mipando yomwe ija. Akuti, "Amayi, ife sitilemba munthu popanda chilolezo cha ku Lilongwe." Ndati Lilongwe si kutali, minibasi zilipo. Akuti pempho linapita kalekale. Ndiye linapita wapansi?

Komabe kwa ola limodzi ofesi inadzaza. Nangozo wasesa, a Jere apima thebulo, akuti ndi lopendama. Thoko waseka mpaka wapukuta m'maso. Kenako wapitiriza kupukuta kuseka kutatha.

Lachinayi

A Maseko alawirira kuti angoyesa chiwongolero cha gileda. Mlonda wawatsitsa. Nkhuku yawajompha. Apita osatsazika. Ndatsala ndi awiri.

Ndafunsa Thoko: ngati anthu sakulembedwa, misewu akukonza ndani? Akuti makontilakita. Khonsolo imalengeza ntchito mu nyuzi, makampani apikisane, wopambana abwere ndi anthu ake, iye n'kumakayendera ndi kusaina. Yekha, boma lonseli!

Wanditenga ku Nsipe kukaona ntchito ina, pa njinga yamoto yobwereka, ine kumbuyo ndikupemphera mokweza. Oyang'anira ntchitoyo ndani? Omwe aja a mpando wachiwiri, anathawira ku kampani aja! Anenepa, chisoti choyera, galimoto pamthunzi. Ndati, "Inu bambo, munasiya mwana yekha muja, manyazi mulibe?" Akuti, "Agogo, ntchito ndi yomweyo, kungoti kuno ndimagona."

Ndangobwerera ku njinga. Ine!

Lachisanu

A Jere abwera ndi nzeru: ngati ndi choncho, titsegule kampani yathu. Tafunsa zofunika. Pepala la ichi, pepala la icho, ndi injiniya wa masatifiketi. Injiniya tili naye! Thoko akuti sangadzipatse ntchito n'kudziyendera yekha. A Jere apinda jekete. Nangozo wagula sopo pamsika, wakwera minibasi. Kampani yafa isanapatsidwe dzina.

Masana ndamupeza Thoko atagona chokhala, tsaya pa pulani ya mlatho, foni ikulira pambali. Ali sitandade 3 ankagona chimodzimodzi pa kope, pensulo m'manja. Nthawi imeneyo ndinkamunyamula. Lero ndingamunyamulire kuti?

Ndatsegula buku la nyimbo, ndaika kalata pafupi ndi dzanja lake. Watsegula diso limodzi. Akuti, "Agogo, ndimadziwa kuti ili pa nyimbo zanu za maliro. Izi timayankha pafoni. Ndimadikira inu."

Ndati yankha msanga ndisanasinthe maganizo. Ukadye, ukagone.

Loweruka

Thoko apita mwezi wamawa. Ndamuphikira futali, wadya mbale ziwiri. Masaya sanabwere, koma njira aiona.

Ndafunsa za kalavati wathu. Akuti tsiku lina khonsolo idzamulengeza mu nyuzi. Kampani yawo ikadzapambana mwina adzatuma iyeyo, poti njira akuidziwa. Ha! Ndiye khonsolo ikumutaya kuti idzamubwereke? Ndinkati mbuli ndine. Ndafunsanso kuti nanga wodzamuyendera ndi kusaina adzakhala ndani, mipando yonse inayi ili yopanda eni. Akuti sakudziwa. Ndati nkhuku ija ilipo, ndiyo yakhalitsa.

Lamlungu

Ndili kwathu. Anthu anga atatu sakundiyang'ana kumaso, kupatula a Maseko amene akundiyang'ana ndi diso labwino lija.

Titatuluka m'tchalitchi ndauza a Jere kuti kuyambira lero pa kalavati asaponyepo mwala ngakhale umodzi. Akuti, "Nanga kabichi wanu?" Ndati ndisenza. Agumuke bwinobwino, amuone ali ku Lilongwe komweko, alengeze, atume munthu wodziwa njira.

Mvula yayamba kuthimbirira kumapiri. Mphasa ya Thoko sindinaikweze kudenga. Ndangoiimika kuseri kwa chitseko.