Bedi Lapamwamba Lilibe Adiresi

Lolemba

Zimene akunena pagulu la amayi pafoni n'zabodza. Akuti ndikuitana Tadala kuti adzakhale nane chifukwa ndikusowa wolankhula naye. Ine? Tsiku lonse ndimalankhula ndi makasitomala m'shopu ya makatani ku Mirdif mpaka kukhosi kuuma. Chinanso: ku yunivesite sindinalephere. Ndinachoka. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma Asiyatu, amene akufalitsa nkhanizi, sangazisiyanitse.

Zoona zake ndi izi. Tadala, mwana wa mkulu wanga, wamaliza digiri konkuno kudziko la eni, ndipo amupatsa chilolezo chogwira ntchito. Ku hositelo akumutulutsa. Akasintha kokhala kapena ntchito, ayenera kudziwitsa ofesi ya ophunzira akunja, apo ayi chilolezocho chikhala pamavuto. Ine ndili ndi bedi losanjikiza. Pamwamba pamagona sutukesi. Vuto lili pati?

Zofunika:
kapu yachiwiri
pilo
kutsitsa sutukesi
kusiya kulankhula ndekha

Lachiwiri

Sutukesi yatsika, msana watsala pang'ono kutsika nayo. Kapu ndagula, yamaluwa. Pilo ndagula wofewa kuposa wanga.

Uthenga wa Tadala ndauona pa nthawi yopuma, poti m'shopu mafoni amatitsekera m'kabati ngati ana asukulu. Akuti: "Anti, nditumizireni adiresi, ndilembe pa fomu."

Ndamulembera mwadongosolo, monga munthu amene anapondako ku yunivesite. Dera la JVC. Utsike basi pagolosale yabuluu. Ukhotere kumanzere. Nyumba yofiirira, pakhomo pamagona mphaka wa khutu limodzi. Ugogode pang'onopang'ono, ena amakhala akugona. Munthu wanzeru sangasochere.

Wayankha ndi tinkhope toseka. Digiri imeneyo!

Lachitatu

Akuti mphaka saloledwa pa fomu. Ofesi ikufuna nambala ya fulati ndi pepala la lendi.

Ndapita kwa mwini fulati, amene timangomutcha Habibi chifukwa aliyense kwa iye ndi habibi, kutanthauza wokondedwa. Iyeyu anagawa balaza ndi matabwa n'kupanga tizipinda. Kanga ndi kakumapeto, pafupi ndi firiji, ndipo chitseko chake ndi katani. Katani wabwino, ndinasankha ndekha. Nditangotchula zoti ofesi, nkhope yake yagwa. "Ofesi ayi, habibi. Papepala muno mumakhala banja limodzi. Khalas, nkhani yatha."

Banja limodzi! Ine, atsikana a ku Philippines, ndi mayi wa ku Nepal woliza mkonono ngati galimoto yakale pachitunda. Banja losadziwana mayina.

Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikugona pamalo pamene palibe. Koma lendi yokha ndiye ilipo.

Lachinayi

Nzeru ina. Tadala alembe adiresi ya nyumba yeniyeni, azigona kuno. Amene ndikumudziwa wokhala m'nyumba yeniyeni ndi mmodzi yekha: Asiyatu, amene amalera ana m'chinyumba cha mpanda ku Mirdif. Ndamuimbira.

"Achemwali, madamu anga amve kuti pakhomo pawo palembedwa munthu wosamudziwa? Mukufuna ndipakire katundu?" Kenako, ndi mawu okoma ngati shuga: "Mukasungulumwa muzingobwera, inshallah tidzamwa tiyi."

Ndani wanena za kusungulumwa?

Tadala nayenso wakana. "Anti, akadzapeza kuti ndanama, chilolezo chapita. Ndibwerera kumudzi ndi chiyani?" Ndamuuza kuti ife tinafika kuno kulibe wotifunsa kumene tikugona. Wayankha kuti n'zomvetsa chisoni. Sindinanene kuti andimvere chisoni. Ndimadzitama!

Pilo akadali m'pulasitiki pabedi lapamwamba. Usiku amachita phokoso ndikatembenuka. Ndiye kuti ngakhale mwini wake asanafike, bedi lapamwamba layamba kuyankha.

Lachisanu

Tadala wapeza ntchito kudera la Silicon Oasis. Wapezanso chipinda pafupi ndi ntchitoyo, ndi mnzake wa kusukulu. Pepala la lendi lilipo, nambala ilipo, mphaka palibe. Ofesi waidziwitsa kale zonse ziwiri, ntchito ndi nyumba. Mwana wachangu pa zinthu zondipweteka.

Ndamuyamikira. Ndalemba kuti "Zabwino zonse" ndi kadontho kumapeto. Ngati ndi wophunziradi, kadonthoko akamva.

Koma sizinathe. Wanditumizira chithunzi cha fomu ija, ndipo mmunsi mwake ndaona mzere: munthu woti aimbiridwe pakagwa ngozi. Pamenepo ndiye panga. Kuti munthu akhale anti sipafunika pepala la lendi. Ndinamubereka kumbuyo mwana ameneyu, anandisanzira pa diresi langa la tchalitchi. Habibi alibe nazo mawu zimenezo.

Ndamutumizira dzina langa lonse ndi nambala, kuti asalakwitse kalembedwe.

Loweruka

Tsiku langa lopuma. Ndakwera mabasi kupita ku Silicon Oasis, pilo m'khwapa, kapu m'chikwama.

Chipinda chake chili ndi chitseko. Chenicheni, cha kiyi. Iye ali kukhitchini ndachitsegula n'kuchitseka, n'kuchitsegulanso. Sichikulira n'komwe. Makatani awo ndi oipa, ndipo ndawauza.

Za mzere uja ndafunsa mosaonetsa chidwi, ndikuyang'ana pawindo.

"Aaa, pamenepo ndalemba mnzanga wa m'chipindayu. Inu paja kuntchito amakutsekerani foni, Anti. Akanaimba ndani akanayankha?"

Choipa kwambiri n'chakuti sakunama.

Pilo ndamusiyira. Wandikumbatira, wati ndine anti wabwino kuposa onse, ndipo adzabwera kudzandiona ntchito ikachepa. Kapu sindinaitulutse. Yapita ku Silicon Oasis n'kubwerako, yaona dziko.

Lamulungu

Pagulu la amayi ndalemba kuti ndine ndinamulangiza Tadala kukhala pafupi ndi ntchito, poti achinyamata amafunika ufulu. Asiyatu waikapo kamtima. Sindikudziwa ngati akunditonza, ndipo sindimufunsa.

Habibi wagogoda pathabwa. Akufunsa ngati bedi lapamwamba lili lopanda munthu, ali ndi wina wofuna malo. Ndamuuza kuti pali mwini wake.

Tiyi ndamwera m'kapu yamaluwa. Amakoma chimodzimodzi.

Sutukesi yabwerera pamwamba.